Kulondola mapazi a chigodola: masiku asanu ndi atatu m'malire

Lolemba, Mchinji

Ndanyamuka ku Lilongwe m'mawa mvula ikuwaza, minibasi itadzaza mpaka pakhomo. Kuyambira ku Chitedze mpaka ku Namitete chimanga chafika m'mawondo, china m'chiuno, chobiriwira moti wongodutsa angati chaka chino kulibe nkhawa. Ine maso anga anali pa masamba. Ndine mlimi, tsamba lobooka ndimaliona ngakhale galimoto ikuthamanga.

Chandiyendetsa ndi foni ya azakhali anga. Sabata ya Khirisimasi nkhumba zawo zinayamba kukana madeya, n'kumangounjikana pakona zikunjenjemera. Pofika chaka chatsopano, pa nkhumba 11 panatsala ziwiri. Pafonipo anangoti, "Mwananga, chigodola chandisesa." Ndinati ndikawapepese, komanso ndikaone ndi maso anga njira imene matenda amenewa amadzera. Achibale athu ali mbali zonse za malire, choncho pogona sipasowa.

Mudzi wa azakhali uli kufupi ndi malire moti muli pakhonde foni imalandira uthenga wokulandirani ku Zambia. Titamwa thobwa anandiperekeza kukhola. Lili zii. Ndi khola la mitengo, lomata ndi dothi, denga laudzu, ngati makola ambiri a kuno. Msuweni wanga anatenga mpeni n'kuyamba kukolokosa m'ming'alu ya chipupa, ndipo posakhalitsa anandiika m'dzanja tizilombo titatu totuwa, tophwatalala, tofewa ngati chikopa. Nkhufi. Masana zimabisala, usiku zimatuluka kudzayamwa magazi a nkhumba. Zimatha kukhala nthawi yaitali kwambiri osadya, kachilombo ka chigodola kali m'thupi mwawo, kudikira nkhumba zatsopano. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri anafufuza makola a m'boma lino la Mchinji napeza kachilomboka mu nkhufi zimenezi. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti dera lino, kummawa kwa Zambia ndi ku Angonia ku Mozambique ndi chisa chimodzi cha matendawa. Maiko ndi atatu, koma mamangidwe a khola, kawetedwe ndi msika wa nyama n'zimodzimodzi.

Ndinafunsa kuti zinayamba bwanji. Azakhali anati kunadutsa mnyamata wa njinga ndi nyama ya nkhumba yotsika mtengo kwambiri, yochokera kumudzi wina kutsidya. Anthu anagula, poti inali nyengo yachikondwerero. Madzi otsukira nyama anatayidwa kuseri kwa nyumba komwe nkhumba zimafukula. Basi, nkhani inathera pomwepo. Kachilomboka sikagwira munthu, koma m'nyama kamakhala masabata ngakhale miyezi, ndipo kamayenda pa nsapato, pa mpeni, pa matayala a njinga. Mankhwala ochiza palibe.

Chimene chinandikhudza n'chakuti azakhali sakumusungira chakukhosi mwini nkhumba zija. Anati, "Akanatani? Nkhumba ndiye feteleza wake, ndiye fizi ya ana. Ukaona yoyamba yagwa, umapha zotsalazo msanga kuti upulumutseko kangachepe. Ukanena kwa a vetenale atseka msika, ndipo palibe akubwezere." Ndagona ndi mawu amenewa. Munthu wobisa matenda si mfiti ayi. Ndi munthu amene wawerengera n'kupeza kuti kunena chilungamo kumusiya manja lende.

Lachiwiri, Chipata

Ndadutsa pa Mwami nthawi ya kummawa. Chipata cha pamalire chatsopanochi, chimene atsogoleri a maiko awiriwa anatsegulira mu Disembala 2022, chinaika maofesi a Malawi ndi a Zambia pamalo amodzi, ndipo wapaulendo saimanso kawiri. Oyendera zomera ndi ziweto aliponso. Thiraki yonyamula mbewu kapena nyama iyenera kuonetsa chiphaso chakuti katunduyo alibe matenda. Ndinaima pang'ono kuonerera wina akusuzumira m'matumba, ndipo ndinayamikira ntchito yake. Koma ndinakumbukiranso tinjira tonse ndinaona dzulo, todutsa m'minda ya fodya, timene anthu amayendamo popita kuchigayo, kumaliro ndi kutchalitchi. Malire a mtunda wautali chonchi simungawalondere ndi chipata.

Malume anandichingamira pa siteji mu Chipata ndipo sanandilole n'kukhala pansi komwe. Molunjika kumunda. Anagwira phesi limodzi, n'kutambasula masamba a kunsonga ndi chala. M'kati munali ndowe zonga utuchi wonyowa, ndipo pansi pake mbozi yonenepa itadzipinda. Anandionetsa chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu pake ndi timadontho tinayi takuda chakumchira. "Ndi yomweyo ya kwanu," anatero.

Ntchemberezandonda zimene tinakula tikuzidziwa zinkabwera chigulu, kudya udzu ndi mbewu, n'kupita, mwina osaonekanso zaka zingapo. Izi zachilendozi zinabwera kudzakhala. Kwawo ndi ku America. Zinaoneka koyamba kumadzulo kwa Africa kumayambiriro a 2016, ndipo chaka chisanathe zinali zitafika ku Zambia, mpaka pulezidenti wa nthawiyo, a Edgar Lungu, analamula ndege za asilikali kuti zinyamule mankhwala kupita nawo m'zigawo. Kumayambiriro a 2017 zinali m'minda ya ku Malawi. Mu Febuluwale chaka chomwecho bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linaitanitsa msonkhano wadzidzidzi ku Harare kuti maiko a m'chigawo chino agwirizane chochita, ndipo mu Disembala a Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi. Ndikukumbukira chaka chimenecho tikupopera chilichonse chimene tamva, mbozi osafa, chifukwa imabisala m'kati momwe mankhwala safika.

Pakati pa munda wa oyandikana nawo pali mtengo wozikidwa, ndipo pamenepo palendewera kandowa kokhala ndi chivindikiro. Ndi msampha. M'kati amaikamo kanthu kotulutsa fungo la gulugufe wamkazi, amuna n'kumagweramo usiku. Mlimi wotsogolera amawerenga sabata ndi sabata n'kuuza alangizi, amene kuno amawatchula camp officer. Manambalawo amatha kulowa mu pulogalamu ya pafoni ya FAMEWS imene FAO inakonza kuti maiko azionera pamodzi kumene mbozi zachuluka. Nzeru yake ndi yabwino. Koma gulugufe ameneyu mphepo ikamuthandiza amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi, ndipo wamkazi mmodzi amaikira mazira oposa 1,000. Kuchokera pamunda wa malume kufika kwa azakhali ndi ulendo wa maola ochepa chabe kwa iye. Lipoti lokwera kulikulu la dziko lino, kuwoloka kupita kulikulu la dziko linalo, n'kutsikanso mpaka kumudzi, lingapeze chimanga chitatha.

Malume njira yawo ndi ina. Akamva kuti mumsampha mwagwa ambiri amaimbira azakhali tsiku lomwelo kuti ayambe kuyendera munda m'mamawa uliwonse, kuphwanya mazira ndi chala, kuthira dothi kapena phulusa kunsonga. Ena amathira msuzi wa usipa kuti nyerere zikwere zikagwire mbozi. "Mnzako akapsa ndevu m'zimire," anatero akupukuta manja pa buluku. Ine ndikuona kuti alangizi a mbali ziwirizi akanakhala ndi manambala a foni a anzawo a kutsidya, ndi chilolezo choimbirana popanda kudikira kalata, tikanapulumutsa zambiri.

Madzulo tinadutsa pafupi ndi malo a kafukufuku a Msekera. Iwo ndi a ku Chitedze si alendo kwa wina ndi mnzake. Mu 2013 maiko atatuwa anayamba pulogalamu ya APPSA, n'kugawana ntchito: Malawi atsogolere pa chimanga, Zambia pa mbewu za mtundu wa nyemba, Mozambique pa mpunga, kuti chimene wina wapeza chithandize onse.

Lachitatu, Katete

Ambiri timadziwa Katete chifukwa cha Kulamba, pamene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika mu Ogasiti kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ine lero ndadzera ng'ombe. Alamu awo a malume ali ndi khola la ng'ombe 14, ndipo ana a ng'ombe onse ali ndi kachizindikiro kukhutu kosonyeza kuti anabayidwa katemera wa chigodola cha ng'ombe.

Dzina ndi limodzi koma matendawa ndi osiyana ndi a nkhumba aja. Awa amabwera ndi nkhupakupa zofiirira zokonda kukhala m'makutu. Bambowa anagwira khutu la thole n'kundionetsa zitamatirira m'mbali ngati mikanda. Ng'ombe ikagwidwa imatupa m'munsi mwa khutu, imatentha thupi, kenako kupuma movutikira, thovu lili m'mphuno. Pakatha masabata atatu yapita.

Katemera wake ndi wodabwitsa. Amabaya ng'ombe tizilombo tamoyo ta matendawo, nthawi yomweyo n'kuibayanso mankhwala a oxytetracycline kuti idwale pang'ono chabe. Ikachira yatetezeka moyo wake wonse. Amausunga mozizira kwambiri m'zitini za nayitrojeni wamadzi, choncho kuufikitsa kumudzi ndi ntchito yaikulu. Umene amagwiritsa ntchito kummawa kwa Zambia unatengedwa ku tizilombo ta konkuno ndipo dzina lake ndi Katete. Wina wotchuka, wa Muguga, unatenga dzina la malo a kafukufuku a ku Kenya, koma kuyambira mu 2014 umapangidwa ku Lilongwe, pa malo a African Union ofufuza za nkhupakupa ndi matenda ake, n'kumatumizidwa kumaiko a kummawa kwa Africa. Nditawauza zimenezi bambowa anadabwa, ndipo kunena zoona Amalawi ambiri sadziwa kuti mumzinda wawo mumachokera chinthu chopulumutsa ng'ombe za ku Tanzania.

Tili pansi pa mtengo wa mango tinakamba zakale. M'zaka za m'ma 1890 mliri wa rinderpest unatsika kuchokera kumpoto n'kupululutsa ng'ombe ndi njati, m'madera ena kusiya imodzi pa khumi. Pofuna kudzazanso makola, atsamunda anaitanitsa ng'ombe kuchokera kugombe la Tanganyika kudzera pa doko la Beira cha mu 1901, ndipo ng'ombe zimenezo ndi zimene zinalowetsa chigodola ku Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Kuthawa mliri wina, n'kugula wina. Koma rinderpest yemweyo dziko lonse linamugonjetsa: maiko anatemera ng'ombe mogwirizana zaka zambirimbiri, ndipo mu 2011 kunalengezedwa kuti watheratu. Pambuyo pa nthomba, ndi matenda achiwiri okha amene anthu anathetsapo.

Dandaulo la bambowa ndi la dibi. Iwo amasambitsa ng'ombe zawo mokhulupirika nyengo ino ya mvula, koma kudambo zimakadya pamodzi ndi za ena osasambitsa. Nkhupakupa zimagwa pa iyi n'kukwera pa iyo.

Lachinayi, panjira

Tsiku lonse pamsewu: Katete, Chipata, Mwami, Lilongwe, mpaka Dedza kutada. Mu basi munali mayi wina ndi matumba awiri a chimanga chogula, poti ino ndi miyezi ya njala. Pansi pa matumbawo panali ufa woyera mbee umene unkatuluka pa kugwedezeka kulikonse. Nankafumbwe wamkulu uja wobowola ngakhale mitengo ya nkhokwe. Nayenso kwawo ndi ku America. Anatulukira ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kumayambiriro a m'ma 1990 analowa ku Malawi kudzera kumpoto. Amayenda chonchi, pa mpando wa basi, pamodzi ndi chakudya cha ana. Ndinawauza mayiwo za matumba a PICS osalowa mpweya. Anati amawadziwa, koma chimangachi sichifika n'kumapeto kwa mwezi.

Ku Dedza kukuzizira ngati Juni.

Lachisanu, Ulongwe ndi Lizulu

Ndawoloka pa Calomue m'mawa n'kukwera galimoto ya ku Ulongwe. Dziko la Angonia ndi lokongola, mapiri otsetsereka bwino, minda ya chimanga, nyemba ndi mbatatesi mpaka kumene maso alekezera. Aliyense amene ndinamupatsa moni anayankha m'Chichewa. Chipwitikizi ndinachiona pa zikwangwani. Pa khoma la sitolo ina panali chithunzi cha mbozi yomwe ija ya kwa malume, pansi pake atalemba kuti lagarta do funil.

Pamsika ndinakhala nthawi yaitali pa benchi ina ya mankhwala a mbewu. Mnyamata wogulitsayo anali ndi mabotolo enieni olembedwa m'Chipwitikizi, komanso timabotolo ting'onoting'ono topanda dzina lililonse, totsanuliramo pang'onopang'ono kuti wosauka akwanitse. Ndili pomwepo panafika bambo wina wa ku Malawi pa njinga yamoto. Anangofunsa kuti, "Amphamvu ndi ati?" Anagula awiri, osafunsa muyeso, osafunsa masiku odikira asanadye ndiwo zamasamba za m'munda momwemo. Mtima unandiwawa. Mankhwala opopera mosayeza amapha nyerere, mavu ndi tizilombo tina todya mbozi, amadwalitsa wopoperayo, ndipo mbozi zotsala zimabereka ana osamva mankhwala. Ana amenewo sadzakhala ku Angonia kokha. Maiko oyandikana chonchi akanagwirizana mndandanda umodzi wa mankhwala ololedwa, malangizo ake n'kulembedwa m'chinenero chimene anthu a mbali zonse amalankhula, chomwe ndi ichi ndikulembachi.

Chondisangalatsa chinali cha nkhuku. Mayi amene anandiphikira nsima ndi wotemera nkhuku wa m'mudzi mwawo. Ananditulutsira kabotolo kopanda kanthu ka katemera wa chitopa wa I-2, amene amadontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku, katatu pachaka. Katemerayu anayambira ku Australia, ndipo ubwino wake n'ngwakuti sawonongeka msanga kunja kwa firiji, moti amayenda naye pa njinga atamukulunga m'kansalu konyowa. Amapangidwa ku Mozambique, amapangidwanso ku Lilongwe. Mayiwa anati achibale a ku Malawi akabwera ndi nkhuku zawo pa tsiku lotemera sawabweza. "Chitopa chikalowa kwa iwo, mawa chili kwa ine," anatero.

Madzulo ndinatsikira ku Lizulu. Apa msewu wa M1 ndiwo malire: phazi ili ku Ntcheu, linalo ku Mozambique. Matimati, kabichi, mbuzi zomangidwa pa njinga, nkhuku m'madengu, chiwaya cha nyama ya nkhumba chikulira, zonse zikuwoloka msewu kupita uku ndi uku. Ndinaganiza za nkhumba za azakhali. Msika uwu ndiwo moyo wa anthu a mbali zonse, ndipo ndani angafune kuti utsekedwe? Koma ngati matenda agwa, kutseka mbali imodzi ya msewu inayo ili chitsegulire n'kungovutitsa anthu pachabe.

Loweruka, Kachulu

Kuchokera ku Zomba msewu wa ku Kachulu ndi wafumbi, ndipo lero unali matope okhaokha. Wakabaza anachita kundiuza kuti nditsike kawiri. Titafika, nyanja ya Chilwa inali phee, phiri la Chisi lili poteropo, mabwato atandandalika m'mphepete, fungo la matemba ouma lili ponseponse. Kutsidya, kumene kukuoneka mapiri abuluu, ndi ku Mozambique.

Sindinadzere nsomba. Madambo ozungulira Chilwa ndi Chiuta ali m'gulu la malo ochepa mu Africa mmene dzombe lofiira limaswanirana. Ena ndi chigwa cha Rukwa, Wembere, Malagarasi ndi Iku-Katavi ku Tanzania, Mweru wa Ntipa ndi Kafue Flats ku Zambia, ndi zigwa za Buzi ndi Gorongosa ku Mozambique. Onsewa amafanana: udzu wautali, madzi osefukira nyengo ina n'kuphwa nyengo ina. Dzombe limaikira mazira m'nthaka mvula yoyamba ikagwa, ndipo mwezi uno ana ake opanda mapiko ali m'udzu akudumphadumpha. M'chilimwe anthu akatentha tchire, lotsalalo limaunjikana pa zigawo zochepa zosapsa. Likathithikana limasintha khalidwe ndi mtundu, n'kuyamba kuuluka chigulu.

Gogo wina wosoka ukonde anandipatsa mpando. Nditatchula dzombe anaseka, nati ndi ndiwo yabwino, ana amakagwira m'mamawa mame asanaume. Kenako anakhala chete pang'ono n'kunena kuti amayi ake ankasimba za chaka chimene dzuwa linabisika masana, nthambi za mitengo kuthyoka ndi kulemera kwa dzombe, anthu akuimba zitini m'minda osaphula kanthu. Ndikukhulupirira ankanena za mliri waukulu wa 1930 mpaka 1944, umene unayambira m'madambo a Mweru wa Ntipa ndi Rukwa n'kufalikira pafupifupi maiko onse a kummwera kwa Africa.

Mliri umenewo ndi umene unaphunzitsa maboma kuti dzombe ukalidikira m'munda mwako wachedwa, uyenera kukalipeza komwe labadwira ngakhale kuli kudziko la eni. Mu 1949 anakhazikitsa bungwe lolimbana nalo ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala. Mu 1970, maiko angapo atalandira ufulu, linalowedwa m'malo ndi bungwe la IRLCO-CSA, limene likulu lake lili ku Ndola. Malawi, Zambia, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi Kenya amasonkha ndalama kuti akatswiri aziuluka pamwamba pa madambowa kuwerenga dzombe ndi kupopera lisananyamuke. Amatsatanso ntchemberezandonda ndi mbalame zodya mpunga ndi mapira. Kuchokera nthawi imeneyo magulu a dzombe amathawako apo ndi apo, koma mliri wonga uja sunabwerenso.

Gogoyo anati ndege imeneyo anaionapo ikuuluka chapansipansi pamwamba pa mabango, koma nkhawa yake ndi nsomba. Ali ndi chifukwa. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, cholowamo chimakhala momwemo, ndipo ili pa mndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la maiko la Ramsar chifukwa cha mbalame zake. Ndinamuuza kuti pali mankhwala ena opangidwa ndi nkhungu ya m'gulu la bowa yopha dzombe ndi ziwala basi, otchedwa Green Muscle, amene anagwira ntchito yaikulu ku Iku-Katavi mu 2009. Anagwedeza mutu n'kunena kuti akamabwera azibwera ndi amenewo.

Pobwerera ndinkalingalira kuti ntchito imeneyi vuto lake n'lakuti ikayenda bwino sioneka. Mlimi wa ku Masvingo ku Zimbabwe akakolola mapira ake sadziwa kuti wina anagona m'dambo la udzudzu ku Machinga kuti dzombe lisamufike. Ndipo chinthu chosaoneka ndicho chimayamba kuiwalika ndalama zikachepa.

Lamulungu, Chikwawa

Ndapemphera ku Zomba, masana n'kupitirira ku Blantyre. Kutsika mapiri a ku Chikwawa makutu anatseka, ndipo pofika pa Thabwa juzi ya ku Dedza inali m'chikwama. Shire wadzaza, wofiira. Ndagona kwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi.

Lolemba, Ngabu

Kuchigwa kuno ng'ombe ndiye banki. Mnzanga ananditengera kwa apongozi ake, mkulu amene wakhala akuweta kuyambira ali mnyamata. Tinawapeza akutsegula khola, ng'ombe zikutuluka mwaulesi kulowera kudambo.

Nditafunsa za matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anandiyang'ana ngati ndatchula mdani wakale. Anafotokoza mmene zimayambira: ng'ombe kuchucha dovu ngati ulusi, kutafuna pachabe, kutsimphina, ukaitsegula kukamwa lilime lili matuza. Zazikulu zambiri sizifa, koma zimaonda, mkaka umauma, za pangolo zimagona, ana oyamwa amafa. "Chopweteka si matendawo," anatero. "Chopweteka ndi chiletso. Misika imatsekedwa miyezi, ng'ombe osatuluka kupita ku Blantyre. Uli ndi chuma m'khola koma mwana akubwezedwa kusukulu."

Kachilombo ka matendawa kamakhala mwa njati popanda kuzidwalitsa, ndipo njati zili pafupi pompa ku Lengwe. Mpanda ukagwa, kapena chilala chikakumanitsa njati ndi ng'ombe pa madzi amodzi, zayambika. Komanso chigwachi chatsekeredwa ndi Mozambique kumadzulo ndi kummwera. Ng'ombe zimawoloka kukadya msipu, zina kukagulitsidwa, zina n'zakuba zoyendetsedwa usiku, ndipo madzi akasefukira, monga pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, aliyense amathamangitsira ziweto kumtunda kumene kuli pafupi, osafunsa kuti ndi dziko liti.

Katemera alipo. Ambiri amene chigawo chino chimadalira amapangidwa ku Botswana Vaccine Institute ku Gaborone, komwenso maiko amatumiza zoyeza kuti adziwe mtundu wa kachilombo kamene kagwa. Kudziwa mtundu n'kofunika chifukwa katemera wa mtundu wina sateteza ku unzake. Kwa zaka zambiri kuno tinkalimbana ndi mitundu itatu ya SAT, ya njati ija. Koma mtundu wa O, wodziwika kummawa kwa Africa, unabuka ku Zambia mu 2018, ndipo pofika 2022 unali utapezeka ku Namibia, ku Mozambique ndi ku Malawi, kwathu komwe ku Mchinji. Katemerayu mphamvu yake imatha pakapita miyezi ingapo, ayenera kubwerezedwa, ndipo ayenera kuyenda mozizira m'dziko lotentha ngati lino. Mkuluyo anaikapo mfundo yake: "Mukatemera kuno mu Meyi, anzathu kutsidya n'kutemera mu Okutobala, ndiye kuti nthawi zonse pali khomo lotsegula. Bwanji osatemera sabata imodzi, mbali zonse?" Ndinalibe chowonjezera. Maiko ali ndi udindo wodziwitsa bungwe la zaumoyo wa ziweto padziko lonse, WOAH, matenda otere akagwa, ndipo akuluakulu a ziweto a maiko a SADC amakumana. Chimene mkuluyu akupempha n'chaching'ono poyerekeza ndi zimenezo: sabata imodzi pa kalendala, ndi madotolo awiri odziwana mayina.

Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka, tikumwa madzi a m'mtsuko. Anandionetsa ng'ombe yaikazi ya nyanga yokhota imene inadwalapo n'kuchira, ziboda zake zopindika mpaka lero. Anati saigulitsa.

Usiku uno azakhali aimba. Kwabwera munthu ndi ana a nkhumba anayi, mtengo wabwino, akuti achokera kutsidya. Ndawapempha kuti asagule. Ndawauza kuti khola lakale lija aligwetse, udzu ndi mitengo atenthe, latsopano amange pena, lopanda ming'alu, ndipo nkhumba zikadzabwera zidzakhale pazokha masabata angapo zisanasakanizidwe ndi ziwiri zotsala zija. Anamvetsera osandidula. Kenako anati iwo anayamba kale: Loweruka anatuma msuweni wanga pa njinga kukauza anyakwawa a mudzi wa kutsidya zonse zimene zinachitika, osabisa. Mafumu awiriwo agwirizana kukumana Lachinayi pa mtengo wa kachere wa pamalire, ndipo aitana alangizi a ziweto a mbali zonse, kuti akambirane zoimitsa kaye malonda a nyama ya nkhumba m'midzi yonse iwiri.

"Udzakhalepo," anatero azakhali. "Ndipo podutsa mu Lilongwe undigulire matumba awiri a simenti."

Basi ya ku Blantyre imadutsa pano 5 koloko m'mawa.